Mphini pa Tsaya la Amayi Maria

Ndinafika ku Mzuzu kuchokera ku Dedza ndili ndi khadi la chipani m'thumba ndi kasemasema m'chikwama, basi. Kwathu ndinkasema mitondo ndi mipini. Mlamu wanga ndiye adandiperekeza ku Chibavi kwa bambo Mhone, mmisiri wosema zifanizo za m'tchalitchi. Iwo adangoyang'ana zikhatho zanga n'kuti, "Mawa ubwere."

Chitumbuka sindinkachimva, koma ndinkachita manyazi kufunsa. Chilichonse ndinkangoti "yewo".

Chaka chimenecho parishi ina ya kunyanja, kwawo kwa bambo Mhone, idamanga tchalitchi cha njerwa zootcha, ndipo pambali pa guwa adasiya kamphako koikamo chifanizo cha Amayi Maria. Tidachisema pa mlombwa miyezi itatu. Ine ndinkachotsa nkhuni zazikulu ndi kasemasema, iwo n'kumatsatira ndi tchizulo ndi tupa. Nkhope yokha sankalola munthu kuikhudza. Anzanga adandinong'oneza kuti inali nkhope ya malemu akazi awo.

Kutatsala tsiku limodzi kuti lole yodzatenga chifanizocho ibwere, dzanja la bambo Mhone lidatupa. Adandipatsa mpeni ndi sandipepa nati, "Umalize. Nkhope iyi uyitemwe chomene, mwana wane." Atatero adapita kuchipatala.

Ine ndidamva kuti ndiyiteme. Ndidadabwa, koma mwini ntchito wanena. Ndidayika mpeni pa tsaya lamanzere kuti ndilizamitse, ndipo mtengo udalakatika, n'kusiya mzere wakuya ngati wa chikhadabo. Kenako mnzanga adandiuza kuti m'Chitumbuka kutemwa ndi kukonda. Ntchito ndinadziwa kuti yandithera, koma chidandiwawa koposa n'choti ndavulaza mayi wa eni.

Bambo Mhone atabwera sindidabise. Adakhala pa chipika nthawi yaitali, chala chili pa bala lija. Kenako adaseka, misozi ili m'maso.

"Iwe Mchewa iwe! Mkazi wanga Nyaphiri anali ndi mphini pompa, zitatu uku, zitatu uku. Ine ndidaopa abambo mfumu, ndidazisiya. Tenga mpeni."

Adandigwira dzanja ndi dzanja lawo labwinolo, tidatema zisanu zotsalazo pang'onopang'ono, n'kupaka sera.

M'mawa mwake tidatsika mapiri pa lole, chifanizo chili pa matiresi. Abambo mfumu adachiyang'ana atakwinya nkhope, ndipo ine ndidali nditayamba kale kuganiza za basi ya ku Dedza. Asanayankhule, amayi amene ankazira pakhonde adalowa, dothi lili m'manja. Mmodzi adagwira tsaya lake lomwe, nagwada. "Uyu ngwithu," adatero, kutanthauza kuti uyu ndi wathu. Abambo mfumu adangoloza kamphako kaja.

Ndidagwira kwa bambo Mhone mpaka tsiku lomwe tidawaperekeza kumanda. Kuyambira pamenepo mawu amene sindinawamve ndimafunsa kawiri, ngakhale andiseke. Ndipo mtengo uliwonse ndisanauteme, ndimayamba ndautemwa.