A Efraimu ndi Mizere ya Pansi pa Mkuyu

Kudooko la ku Chiuta aliyense amawadziwa a Efraimu, bambo wamtali wa imvi m'masaya, amene amapikula makumba ndi matemba ouma n'kukagulitsa ku Mecanhelas pa njinga. Pamwamba pa dengu la nsomba nthawi zambiri pamakhala banjo yokulungidwa m'nsalu yakale ya kapulana kuopa fumbi. Koma chimene anthu amawadziwa nacho kwambiri ndi funso lawo. Akaitanidwa kukaimba pena paliponse, kaya ndi paukwati kaya pashikola pophunzirira ana, amayamba aima chilili, maso pansi, kenako amafunsa mwini malo kuti, "Pano palibe amene anagona?"

Anyamata opalasa bwato amawaseka nalo funsoli. Wina akafuna kukhala pabenchi ya pabaraka, kaokala ka padooko, amati, "Dikirani, tiwafunse kaye a Efraimu ngati pansipa pali bwino." Eni ake amaseka nawo, koma kuseka kwa mano okha. Anyamatawo anabadwa mfuti zitaleka kulira, sadziwa kumene funsolo linachokera.

Nkhondo isanafike, a Efraimu anali mnyamata woimba bangwe. Bwalo la magule linali pansi pa mkuyu waukulu, chakumtunda kwa mudzi. Iwo akamaimba, mnzawo Bashiru ankagwedeza maseche n'kumavina mpaka fumbi kobo. Wina anali wa kutchalitchi, wina wa kumzikiti, koma bwato linali limodzi, ukonde umodzi. Zinthu zitavuta, a Efraimu anatenga mkazi wawo Rabeca, khanda kumbuyo, n'kuwolokera ku Malawi. Bashiru anatsala chifukwa mayi ake anali okalamba, osatha kuyenda. Bangwe ija inapsera m'nyumba.

Kukampu ya othawa nkhondo zala zinkawayabwa. Anadula chitini cha mafuta ophikira amene ankalandira, anakungapo chikopa cha mbuzi, nsambo zake n'kukhala waya wa mabuleki a njinga. Banjo imeneyo ndi imene anabwera nayo mtendere utafika.

Anapeza mudzi utasendera kunyanja, kumtunda kuja kuli tchire lokhalokha. Anamva kuti Bashiru anamwalira nkhondo ili mkati, atadwala m'mimba popanda ndi mbewu imodzi yomwe ya mankhwala. Anapita kukapepesa kwa mkazi wake, che Subira, atanyamula kasopo ndi shuga pang'ono. Anakhala pamphasa, ananena pepani, anamwa madzi. Funso loti mnzawoyo anamuika kuti linafika pakhosi n'kubwerera. Ankaona ngati munthu amene anakadya ufa wa chithandizo tsidya lija alibe pakamwa pofunsira za amene anatsala akukumba mizu m'dambo. Otsalawo nawonso nkhani za masiku amenewo sankaziyamba. Obwerera ankangowatchula kuti "a ku Malawi", moni n'kumapatsana bwinobwino, basi.

Ndiye kunabwera mphunzitsi watsopano wochokera ku Cuamba, purufesori Edgar, munthu wosasiyana ndi wailesi yake. Tsiku lina m'nyengo yozizira anaima pamsika wa nsomba n'kulengeza zimene anamva, zoti pa 21 Juni maiko ambiri amakondwerera tsiku la nyimbo.

"Palibe zolipira, palibe zoti uyu ndiye katswiri," anatero purufesori. "Kwinako anthu amangotulukira mumsewu, pakhomo, pamsika, n'kumaimba. Amene ali ndi ng'oma atulutse. Amene ali ndi pakamwa pokha aimbe. Wopanda mawu aombe m'manja."

"Nanga ife a mawu ngati achule?" anafunsa msodzi wina.

"Inunso mubwere. Achule a m'nyanja muno amadikira kuitanidwa?"

Anthu anaseka n'kuvomera. Amayi a kwaya anati abwera, anyamata a kumzikiti anati adzachita gule wawo wa sikiri, ana a shikola nawo anayamba kukonzekera. Chovuta chinali malo, poti pashikola panali pothina. A Efraimu anamukokera pambali mphunzitsiyo. "Za malo mundisiyire ine. Musauze munthu, adzaonere pomwepo."

Mumtima mwawo munali mkuyu uja. Ankaganiza kuti otsala ndi obwerera akadzapondanso limodzi bwalo lakale, dzina loti "a ku Malawi" lidzathera pomwepo.

"Mwafunsa kwa eni mudzi, bambo a Maliya?" anatero Rabeca atawaona akunola chikwanje.

"Ndifunse chiyani? Pamkuyu paja ndinakulira ine. Kapena ndipemphenso chilolezo cholowera m'nyumba mwanga?"

Rabeca anangotola ndowa n'kupita kumadzi.

A Efraimu ankaopa mabomba okwirira aja timati mina, koma anapeza kanjira kopondeka kolunjika pamtengopo, n'kunena mumtima kuti ndiye kuti pali bwino. Sanadzifunse kuti amaponda kanjirako ndani. Atatchetcha udzu anaona timizere tatifupitifupi, tophwa ndi mvula, toyang'ana mbali imodzi. Anati wina ankalima mbatata pano nthawi ya njala, wosauka. Kumapeto kwa mizereyo kunali miyala, pena phale la mphika. Zonsezo anataya kutchire kuti zisadzalase ana kuphazi. Analowetsa khasu, anasalaza, anasesa, anawaza madzi. Bwalo linatuluka see, lokongola kuposa kale, ndipo anabwerera kunyumba akuimba mluzu.

Tsikulo litafika, dzuwa litapendeka, anatsogola ndi banjo yawo kuchokera pamsika. Pambuyo pawo panali ana a shikola, amayi a kwaya, purufesori ndi mabanja obwera ku Malawi. Atafika pamkuyu ana anathamangira m'bwalo n'kuyamba kuvina. A Efraimu anaima pakati, nsambo zikulira, phazi likugunda pansi.

Otsala aja ankabwera chakumbuyo. Atafika pamene udzu unathera anaima. Palibe anaponda m'bwalomo. Anyamata a sikiri anaima manja ali lende. Mkulu wina anagwira pakamwa.

A Efraimu anayesa ndi manyazi chabe, kapena kunyada kwawo komwe kuja. "Lowani, abale," anakuwa akuseka. "Ndi bwalo lanu lomwe lija, ndangolisambitsa."

Pamenepo che Subira anapatuka pagulu. Anavula patapata n'kulowa pang'onopang'ono, maso ali pansi ngati munthu wotaya singano. Anafika pafupi, ndipo banjo inaleka yokha.

"Alamu," anatero che Subira, mawu ali pansipansi, "mwala unali apa mwauika kuti?"

"Miyala ndataya uko, ikanapweteka ana."

"Nanga mizere?"

"Ya mbatata ija? Ndasalaza."

"Mbatata." Che Subira anawayang'ana kumaso koyamba. "Inu mbatata munalimapo, alamu. Mzere wa mbatata umathera pa msinkhu wa munthu?"

A Efraimu anayang'ana pansi pamene anaima.

"Kumanda kwenikweni kunali mina, sitikanapitako," anapitiriza mayiyo. "Tinkawaika pano, poti ndi pamene tinkadziwa kuti palibe chophulika. Mwaima pa mnzanu. Kapena pa mayi ake, sindikudziwanso. Mwala ndi umene unkandiuza."

Sanakuwe, sanatukwane. Akanatukwana bwenzi zili bwinoko. Amayi a kwaya anayamba kukoka ana awo mmodzimmodzi. A Efraimu anafuna kuchoka, koma aponde pati? Paliponse pamene phazi likanatera panali munthu, ndipo amene anafafaniza malire anali iwo omwe. Anawerama, anavula nsapato, anatuluka chonyang'ama, nsapato kudzanja ili, banjo kudzanja linali, anthu akuwapatukira.

Purufesori anatengera anthu kushikola kuti tsiku lisafe. Ng'oma zinkamveka chapatali, zopanda mphamvu. A Efraimu anali m'nyumba, chitseko chotseka, atakhala pansi kutsamira thumba la chimanga. Chimene chinkawadya kwambiri si khasu ayi. Linali funso lija analimeza pamphasa ya che Subira. Akanangolitulutsa tsiku lija, mawu ochepa okha.

Rabeca sananene kuti ndinakuuzani. Anawaikira chinangwa chophika pafupi, n'kunena kuti, "Mukhala muno mpaka liti? Dothi lija silibwerera lokha. Khasu lili kuseri kwa chitseko."

Kutacha anapita kwa che Subira n'kukhala pansi chapatali, padzuwa, osayandikira mphasa. "Ndabwera ndi khasu lomwe lija, alamu. Pakamwa ndilibe ponenera."

Che Subira anapitiriza kuyanika matemba kwa kanthawi. Kenako anapukuta manja n'kukaitana a shehe ndi mabanja amene anali ndi anthu awo pamkuyu.

Ntchito inali yovuta, chifukwa bwalo linali losalala ngati mbale. Wina ankati bambo anga anali cha apa, wina n'kuti ayi, apo panali azakhali anga. Che Subira ndi amene anakumbukira muzu. Tsiku loika Bashiru amuna ambiri anali atabisala m'bango, ndipo che Subira anakumba nawo manda ndi manja awo, mpaka khasu linadula muzu wa mkuyu. Anauza a Efraimu kuti apale dothi chakum'mawa kwa tsinde. Muzu unapezeka, chipsera chake chikuoneka.

"Mutu wake uli apa," anatero che Subira. "Unjikani bwino. Ankadana ndi ntchito ya dala."

Kuyambira pamenepo ena onse anayamba kupeza malo awo, uyu pafupi ndi uyu. A Efraimu ankaunjika dothi, eni ake n'kumaloza. Anakwawa m'tchire kutola miyala ija ndi mapale, aliyense n'kuzindikira wake. Panatsala mwala umodzi waung'ono. Unali wa mwana wa anthu ena odutsa, amene anafera m'mudzimo akuthawa, makolo ake n'kupitirira osadziwika kumene analowera. Palibe anakumbukira kuti kamzere kake kanali pati. A shehe anati mwalawo autsamiritse patsinde.

Banjo inakwera kudenga n'kukhala komweko chaka chonse, ikudetsedwa ndi utsi. A Efraimu anabzala nkhadze kuzungulira mandawo. Pamsika ankapikula nsomba mwachangu, chipewa chili pamaso.

Juni wotsatira, akumanga dengu panjinga, anamva mawu kumbuyo. Anali che Subira.

"Alamu, mawa si tsiku lija la purufesori?"

"Ine zoimba ndinasiya."

"Anakusiyitsani ndani? Mnzanu munamuponda kale, ndiye mumumanenso nyimbo? Mubwere pathandala langa poyanika nsomba. Maseche ake ndinasunga, mwana wanga Shakila agwedeza."

Anapita, nsambo imodzi itachita dzimbiri. Anthu anali atadzaza kale, otsala ndi obwerera omwe. A Efraimu anaima kunja kwa gulu, anayang'ana mchenga, ndipo funso lija linatuluka koyamba: "Pano palibe amene anagona?"

"Mamba a nsomba okhaokha," anayankha che Subira. "Ndi galu wa a Adamu uyo, koma ameneyo akupuma."

Anthu anaseka, wina n'kuwakankhira mpando. Anaimba atakhala pansi, mapazi ali phee pamchenga, ndipo mpaka lero saimba choimirira.

Pa 21 Juni paliponse nsomba sapita nazo kumsika. M'mawa amakwera kumtunda ndi khasu kukalambula pamkuyu, masana n'kutsikira kudooko ndi banjo. Polambulapo amayenda m'mbali mwenimweni mwa nkhadze, chifukwa pamene panagona mwana uja sakupadziwabe. Akamaliza amachotsa masamba pa kamwala ka patsinde, n'kutuluka nsapato zili m'manja.