Kamera Yopanda Filimu ku Nkhotakota

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinadzisandutsa mzungu. Ndinali Sitandade 6, tikukhala m'malayini a pa esiteti kufupi ndi Makwasa, komwe amayi ankathyola tiyi. Azungu odzaona malo ankadutsa kwathuko makamera ali lendelende pakhosi, akujambula chilichonse, ndi mbuzi zomwe. Ine ndinkati ntchito yabwino padziko pano ndi imeneyi.

Tsono mnzanga Amina atandiuza kuti bambo ake, a Yusufu oyendetsa lole, alola kuti ndipite nawo ku ukwati wa achibale awo ku Nkhotakota, ndinathamangira kwa amalume kukabwereka kamera yomwe anatola kudzala la kwa manejala. Inalibe filimu, koma batani lake linkalira bwino: tcha!

Mawa lake titafika, Amina ananditenga kukaona mbali yakale ya tawuniyo. Tinjira topanikiza, makoma akale ong'aluka, mitengo ikuluikulu ya mango, fungo la mpunga ndi nsomba zowamba. Ine wozolowera chiperoni cha kwathu, thukuta linali kamukamu, koma ndinkayenda khosi lili njo, ndikulankhula Chingerezi cha m'mphuno chomwe nanenso sindinkachimva.

Pafupi ndi mzikiti wakale panakhala mkulu wina wa ndevu zoyera, a Saidi. Nditawalozetsa kamera, anaimika dzanja.

"Mwanawe, umajambuladi?"

Ndikanangoti ayi. Koma ndinavomera ndi mutu.

"Dikira pomwepo."

Analowa m'nyumba. Potuluka anali atavala mkanjo woyera mbee, akununkhira mafuta. Akazi awo anamanga mpango watsopano, zidzukulu zinasambitsidwa mothamanga, ndipo agogo ena osatha kuyenda anawanyamula ndi mpando womwe. Onse anandanda padzuwa.

"Mwana wathu ali ku Joni," anatero a Saidi. "Ana akewa sanawaone chichokere. Tikufuna timutumizire."

Amina, yemwe ankadziwa zonse, ankangoyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mango. Ndinadina: tcha! Anasinthana malo. Tcha! Kenako anatiyalira mkeka n'kutipatsa mpunga wa nyama ya mbuzi. Chakudya chokoma chotero sichinandikanepo kukhosi ngati tsiku limenelo.

A Saidi atandipatsa kapepala ka keyala yawo, ndinangoyamba kulira, mpunga uli m'kamwa. Ndinatsegula kamera ija. M'kati munali kangaude wouma.

Kenako agogo a pampando aja anafunsa mokweza kuti, "Kodi ndaoneka bwino?"

A Saidi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mkono wa mkanjo. Akazi awo sanaseke. Anavula mpango uja n'kuupinda pang'onopang'ono, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa chikwapu.

"Poti tavala kale," anatero a Saidi, "tiye ndikuonetse mudzi wathu. Chidolecho usiye."

Anatizungulitsa mpaka dzuwa litafika pamutu, akutiuza za makolo awo amene anawaka makomawo. Chingerezi changa chinali chitathera pamkeka.

Masiku ano kumalayini kwathu aliyense ali ndi foni, ndipo amayi othyola tiyi amaonana ndi ana awo a ku Joni ali m'munda momwemo. Palibenso amene amasamba chifukwa cha chithunzi. Komabe ine, munthu wamkulu wa ana atatu, wina akandipempha kuti ndimujambule, ndimamuonetsa kaye chithunzicho asanavule nsapato za tchalitchi.