Mwamuna wanga anamangidwa chifukwa chosambitsa maliro

Ndikanena zimenezi adzukulu anga amandiyang'ana ngati ukalamba wandisokoneza mutu. Koma ndi mmene zinakhalira, ndipo mpaka lero ndikazikumbukira mtima umandiwawa.

Zinachitika nkhondo ya azungu itangotha, ine ndili ndi mwana kumsana. Tinkakhala m'mbali mwa nyanja, kumpoto kwa Lifuwu. Mwamuna wanga ndi mng'ono wake anali asodzi, bwato limodzi, ukonde umodzi, ndipo ankalimbana tsiku ndi tsiku ngati atambala. Mlamu wangayo anali waulesi podzuka, mkulu wakeyo anali wapakamwa. Akatha kukalipirana ankakhala pansi n'kudyera mbale imodzi. Mudzi wonse unkadziwa, ndipo panalibe amene ankaziyesa nkhani.

Nyengo ya utaka anapita ku Mbenji. Akazi sitiponda pachilumba chimenecho, choncho zomwe zinachitika ndinachita kumva kwa asodzi anzawo. Mwera unawapeza pakati pa madzi, bwato linagubuduzika n'kumumenya mlamu wanga m'mutu. Asodzi anzawowo anavuula mwamuna wanga ali wamoyo. Mng'ono wake anamuvuula atafa kale, ali ndi bala pamwamba pa khutu.

Anafika naye kumudzi dzuwa lili pamutu. Ife Asilamu sitigoneka maliro. Mwamuna wanga, asanasinthe n'komwe nsalu yake yonyowa, analowa kukasambitsa mng'ono wake pamodzi ndi a shehe. Anatsuka balalo bwinobwino, anamukulunga m'sanda, anamuswalira, ndipo tsiku lomwelo anamugoneka m'manda nkhope itayang'ana ku Maka. Anthu anamuyamikira kuti wachita zaukulu.

Patapita masiku kunatulukira apolisi awiri ochokera kuboma. Amene anakawauza za bala lija ndi za mikangano ija sindinamudziwe, ndipo mwina Mulungu anandichitira chifundo, chifukwa ndikanamudziwa nanenso akanandimanga.

"Iwe, unathamangira chiyani kukwirira munthu boma lisanamuone?" anafunsa wamkulu mwa awiriwo.

"Ndi mmene timachitira kuno, bwana," anayankha mwamuna wanga. "Ndikanamusiya mng'ono wanga padzuwa ngati nsomba?"

"Nanga balalo unatsukiranji?"

"Munthu sapita kwa Mulungu ali ndi magazi."

Wapolisiyo anayang'ana mnzake n'kugwedeza mutu, ngati mwamuna wanga wavomera mlandu ndi pakamwa pake. Ine pakamwa panga sipachedwa. "Achimwene," ndinatero, "kwanu maliro mumawasunga kudikira mzungu?"

"Khalani chete, mayi," anandiletsa mwamuna wanga. "Ndikawafotokozera bwino, ndibwerako."

Apongozi anga, amene anali atangoika mwana mmodzi m'manda, anakhala padothi kuonerera winayo akumangidwa unyolo.

Ndinamulondola ku Salima nditasenza mpunga ndi nsomba zouma. Kumeneko anandiuza kuti mlandu wopha munthu ndi waukulu, sungaweruzidwe pompo, udikira woweruza wamkulu. Asodzi amene anaona zonse anapita nawo, okonzeka kulumbira. Anawauza kuti, "Tidzakuitanani." Kenaka anamukweza sitima ya pamtunda kupita naye kundende ina ya kummwera. Ndinamuona pazenera akuyesa kukweza dzanja, unyolo n'kumukoka.

Mvula inagwa, mpunga tinakolola, utaka unabweranso. Mwana anatsika kumsana n'kuyamba kuyenda. Asodzi aja sanaitanidwe. Ndikapita kukafunsa ankandiyankha bwinobwino, mwaulemu ndithu, kuti mlandu ukudikira, ndipo ulemu umenewo unkandipsetsa mtima kuposa chipongwe. Masiku ano ndimamva pa wailesi anthu ophunzira akukangana za anthu okhalitsa m'ndende mlandu wawo usanazengedwe, amalankhula ngati ndi matenda ofika dzana. Ndimangotseka wailesiyo.

Uthenga sunabwere ndi boma. Unabwera ndi bambo wina wowonda, Mkhristu wa kumtunda, amene anali atangotulutsidwa kundende komweko. Anafunsira nyumba yathu kwa anthu, anafika, anakhala pakhonde, madzi anakana.

"Mayi, amuna anu ndinali nawo chipinda chimodzi," anatero. "Anadwala m'mimba. Anatisiya mwezi wathawu."

Sindinalire pomwepo. Ndinafunsa ngati mlandu unali utazengedwa. Anati ayi, sanaonepo woweruza. Anati kundendeko mwamuna wanga ankadziwika ndi chinthu chimodzi: munthu akamwalira, kaya Msilamu kaya ayi, ankapempha alonda kuti amulole kumusambitsa. Nthawi zina ankamulola, nthawi zina ankamuseka. Ndinati inde, ameneyo ndi mwamuna wangadi, sankamva.

Ndiye ndinafunsa chimene ndinkaopa. "Nanga iye anamusambitsa ndani?"

Bamboyo anawerama. "Tinamuika ndife akaidi, mayi, alonda akutifulumizitsa. Sanda panalibe, tinamukulunga m'bulangete lake. Ine ndinamutsuka kumaso kokha ndi madzi anga akumwa. Mawu anu opempherera sindiwadziwa."

Ndinamuthokoza, ndipo ndimamuthokozabe. Munthu wa chipembedzo china anabwera wapansi mtunda wonsewo kudzandiuza zimene boma silinavutike kundiuza.

Nkhawa yanga inali kwa apongozi anga, amene anali kuseri kwa chitseko akumva zonse. Anatuluka akugwira khoma, maso awo anali atayamba kale kuchita khungu. Sanafunse za matenda, sanafunse za mlandu.

"Bambo," anatero, "mwana wangayo munamugoneka atayang'ana kuti?"

Bamboyo anayang'ana ine, anayang'ana iwo.

"Sindikudziwa, amayi," anatero. "Panalibe wotiuza."