Bobi ndi usipa wa a NyaChirwa

Sabata yathayi ku Kande kunatsala pang'ono kuchitika maliro a galu, ndipo ine ndinali mmodzi wa oweruza.

Ndinakacheza kwa alamu anga, amene amaphika pa loji ina kumeneko. Ali ndi galu dzina lake Bobi, waulesi wotheratu, woti ngakhale nkhuku imamulanda chakudya.

Oyandikana nawo, a NyaChirwa, amayanika usipa pathandala. Masiku anayi otsatizana, akamabwera kuchokera kumunda kwa chinangwa masana, ankapeza usipa wambali imodzi wasesedwa. Tsiku lotsatira anamupeza Bobi akunyambita milomo, mamba a nsomba ali mbuu pamphuno.

Umboni winanso wanji?

"Ada, galu akalawa usipa wa pathandala sasiya," anatero a NyaChirwa kwa alamu. "Uyu afe basi."

Khamu lomwe linasonkhana linavomera. Ine ndinavomera mokweza kuposa onse. Paja mumandidziwa, m'minibasi ndine uja ndimalalikira kuti wopha mnzake nayenso anyongedwe, nkhani ithe.

Alamu, misozi ili lengelenge, anafotokoza kuti mambawo ndi a zotsala za kukhitchini kwa loji zimene amamutengera. Tinawaseka. Ndani sateteza wake? Kenaka anapempha chinthu chimodzi, kuti Bobi amangidwe pamtengo wa mango masiku atatu, ndipo usipa ukasiya kusowa, adzamupereka okha.

Mawa lake usipa unasowanso, Bobi ali pachingwe. Mkuja wake a NyaChirwa sanapite kumunda, anabisala kuseri kwa bafa. Anaona ng'azi yonenepa ngati ntchafu yanga ikukwera mzati wa thandala mosatekeseka, ngati yalipira lendi.

Manyazi anandigwira, abale.

Dziko lathu lino chilango cha imfa chikadali m'malamulo, ngakhale chiyambire ndale za zipani zambiri palibe amene wanyongedwa. Kukachitika chiwembu choopsa timakuwa kuti chingwe chibwerere. Ndipo sindikupeputsa mkwiyowo. Mayi amene anamuphera mwana simungamuuze kuti aiwale, ndipo ine sindingayerekeze. Munthu si galu, moyo wa munthu si usipa.

Komatu woweruza ndi munthu ngati ine, amene ndinaona mamba pamphuno n'kutseka mlandu. Mboni imalakwitsa. Ina imanama chifukwa cha mkangano wa malire a munda. Wosauka amalowa m'khoti osadziwa n'komwe koyambira kudziteteza, ndipo si aliyense ali ndi mlamu womupemphera masiku atatu.

Wotsekeredwa molakwika mutha kumutsegulira chitseko, ngakhale atatuluka ndi imvi. Nanga wonyongedwa mumutsegulira chiyani? Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.

Loweruka m'mawa a NyaChirwa anabwera ndi mbale yodzaza usipa. Anamasula okha chingwe chija, n'kuika mbale pansi.

"Pepa, Bobi," anatero.

Bobi anadya, n'kugona pomwepo miyendo m'mwamba, wopanda mangawa ndi munthu.

Ine ndinaima poteropo ndikuyang'ana mbale ija. Tikanatsatira mawu anga tsiku la mlandu lija, akanaiika patsogolo pa yani?