Nyanga ya Mkuwa Imene Azakhali Anakwecha

Ntchito yanga yoyamba ndinaimvera pakhomo pa tchalitchi ku Kings Heath, kudziko la azungu. Munali m'ma 1990, nditangomaliza digiri ya zamagetsi, ndikukhala kwa azakhali anga a Nachisale, amene anali namwino. Mkulu wina wa ku Zambia anandikokera pambali n'kunena kuti ku Tipton kuli kakampani kofuna munthu wodziwa za mafunde a wailesi otchedwa ma microwave. Ndinathamangirako, ndipo mwini wake, a Derek, ananditenga mongondiyesa kaye.

Tinkapanga eriyo ya mkuwa yooneka ngati fanulo, imene tinkaitchula kuti nyanga. Inali yopita kumalo ena ofufuzira kum'mwera, kumene kuli makina aakulu amene amatenthetsa mpweya kuposa dzuwa n'kuugwira ndi maginito, cholinga tsiku lina tidzapezemo magetsi. Mpweya wotere, wotchedwa plasma, umawinduka ngati madzi owira, ndipo kutentha kumathawira pomwepo. Nyanga yathu inkayenera kuponyamo mafunde n'kumvetsera mmene akubwerera. Ine, mwana wa ku Kasungu, kumvetsera dzuwa! Kukondwa kwake ndinkachita kuyenda ndikuseka ndekha.

Lamulo lalikulu linali loti cholowa m'makinamo chisakhudzidwe ndi dzanja, chifukwa ngakhale thukuta limaipitsa plasma. Nyangayo tinaitsuka ndi mankhwala otchedwa asetoni, tinaiotcha mu uvuni wochotsedwa mpweya, n'kuikulunga mu foyilo. Inatuluka yothimbirira, koma pa ntchito yathu kuyera kwake n'komweko.

Makina aakulu aja ankawatseka mawa lake madzulo, ndipo nyanga inkayenera kukhala italowamo kale. Kuphonya apo kunali kudikira miyezi, ndipo kampani ikanataya ntchitoyo, ine n'kutsatira. A Derek anati ndigone nayo kunyumba kuti ndikwere sitima yoyamba. Ndinaisiya patebulo pabalaza.

M'mawa ndinapeza foyilo atamupinda bwinobwino pambali, nyanga ili waliwali.

"Iwe Limbani, umafuna upite nacho chonchija kwa azungu?" anatero azakhali. "Aziti m'nyumba muno mulibe munthu wamkazi? Ndakwecha ndi sitiluwulu, ndapakanso polishi. Taona shaini yake."

Ndinafuna kukuwa. Koma munthu wamkulu amene wakulawirira m'mamawa ungamukalipire bwanji? Ndinangoti, "Zikomo anti," n'kuliyatsa liwiro la ku Tipton.

A Derek anaiyang'ana nthawi yaitali. "Sindinaonepo nyanga yokongola chonchi," anatero. "Vala magolovesi."

Anaimba foni kum'mwera kuja, ndipo atachonderera, eni makinawo anavomera kutidikira mpaka m'mawa mwake basi. Tinayamba ndi kuyeza khosi la nyangayo, pamene mafunde amadutsira, poti pakanaperepeseka pang'ono zonse zikanathera pompo. Mwayi wake zala za azakhali sizinalowemo. Kenako tinayendetsa maginito paliponse, ndipo anatola fumbi lakuda la sitiluwulu. Tinaiviika m'beseni lotsukira ndi mafunde a phokoso, tinaitsukanso ndi asetoni, tinaiyesa pamakina oyezera mafunde, n'kuibwezera mu uvuni. Tsiku limenelo sindinalawe kanthu. Kutacha tinanyamuka pa vani ya a Derek, nyanga ili pamiyendo panga, ndipo tinapeza amisiri atagwira kale masipanala.

Patapita masabata anatiitana kukaonerera. Belu linalira, plasma inayaka kamphindi kochepa, ndipo mzere umene unali phee pa sikirini unayamba kuvina. Kuwinduka kuja tinkakuona ndi maso athu! Ndinalumpha n'kukuwa kuti, "Yagwira!" Azungu onse anatembenuka, koma a Derek anamva ngakhale sankadziwa Chichewa. Anandigwira chanza nati ntchito ndi yanga.

Kuchokera pamenepo, chida chilichonse ndisanachisiye m'manja mwa munthu, ndimayamba ndamuuza kuti n'chiyani, ndiponso chifukwa chake chikuoneka mmene chikuonekeramo. Wokuwonongera ntchito nthawi zina amakhala wokufunira zabwino amene sunamuuze kanthu.

Pepala la mzere wovina uja ndinapita nalo kwa azakhali, ndipo ndinawafotokozera zonse mwaulemu. Anavala magalasi, n'kuliyang'anitsitsa.

"Waona?" anatero. "Ndikanapanda kukwecha, zimenezi zikanaoneka?"