Nthano Zamasana za Atsibweni Achibwibwi

Tsiku limenelo ndinkasinja chimanga ndi mng'ono wanga Esinati. Mfuti zinalira chakusukulu, nkhuku n'kubalalika. Amayi anatuluka m'nyumba khanda lili kumsana, mpeni wa ndiwo uli m'manja. Mudzi wathu unali ku Mozambiki, kufupi ndi malire a Zambia, ndipo nkhondo inali itatsala zaka ziwiri kuti ithe. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Mtondo tinausiya chimanga chili momwemo.

Tinathawa asanu ndi awiri: amayi, khanda, ana anayife, ndi atsibweni a Labisoni, mlongo wawo wa amayi.

Atsibweniwa anali achibwibwi. Akamapempha madzi, munthu ukanatha kupita kuchitsime n'kubwerako asanamalize. Koma akayamba nthano lilime linkamasuka. Nthano za mtundu wathu, za kumene mvula imakhala ndi za anthu oyamba amene anatsika paphiri, ankazidziwa bwino ndi iwo okha. Ena onse ankangodziwa zidutswa.

Tsiku lachiwiri tinaona kuti akukoka mwendo. Chipolopolo chinali chitawalasa pantchafu pamene tinkawoloka dambo. Anamangapo mpango osauza munthu.

Dzuwa lili paliwombo tinakhala pansi pa msuku. Atsibweni anati, "Padangotero."

Palibe anavomera. Kwathu nthano sakamba masana. Amati wokambayo amamera nyanga. Amayi anayang'ana mlongo wawo, kenako anayang'ana mwendo uja. Ndiwo anayamba kuvomera kuti, "Tili tonse."

Anatigawira nthano ngati akugawa nyama. Mlongo wanga Yohane anamupatsa ya anthu a paphiri. Esinati anatenga ya mbalame imene inaba moto. Petulo, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anangomupatsa nyimbo. Ine, poti ndinali wamkulu komanso wapakamwa, anandipatsa yaitali kuposa zonse, ya mkazi amene anapita kukabwereka mvula kwa njoka ya padziwe.

Ankakamba tikuyenda, ife n'kumabwereza. Ukalumpha mawu ankakukoka khutu. Ine zinandikwana. Mapazi atatupa, m'mimba muli masuku okhaokha, munthu n'kumakuvuta kuti mkaziyo anawoloka mitsinje itatu osati iwiri. Ndinawauza kuti nthano sadya. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero.

Tsiku lachinayi anakanika kudzuka. Mfuti zinkamveka kumbuyo kwathu. Amayi anawatsamiritsa pamtengo, n'kuwasiyira chikho cha madzi ndi chitenje chawo cha kutchalitchi.

Atsibweni anandikodola kuti amalize nthano yanga. Mkazi uja anali atafika padziwe. Njoka inali itatulutsa mutu m'madzi, n'kumufunsa kuti, "Wanditengera chiyani?" Pamenepo chibwibwi chinawagwira. Chinali chisanawagwirepo pakati pa nthano. Milomo inkanjenjemera, mawu osatuluka. Ndinadikira. Amayi anandikoka dzanja.

Tinalowa m'Zambia tsiku lomwelo dzuwa litapendeka. Tinakhala miyezi ingapo pamsasa wa othawa nkhondo, kufikira msuweni wa amayi, mphunzitsi wa ku Magodi m'boma la Lundazi, anabwera kudzatitenga. Tinakwera lole, kenako ngolo ya ng'ombe. Pamudzi anthu ankatilonjera m'Chitumbuka kuti "Monire," ife osadziwa choyankha. Mayi wina wa nyumba yoyandikana anafunditsa madzi n'kunditsuka mapazi. Dzina sanandifunse n'komwe.

Tsiku lina aphunzitsiwo anamva Petulo akuimba uku akuswa mtedza. Anafunsa kumene nyimboyo inachokera, amayi n'kuwafotokozera. M'mawa mwake anabwera ndi kope latsopano ndi pensulo.

"Lembani zonse," anatero. "Musasiye olo liwu limodzi."

Tinalemba pakhonde, aliyense yake. Yohane akaiwala, Esinati ankamukumbutsa, pakuti tonse tinkamva za anzathu panjira paja. Ana a Chitumbuka ankabwera kudzamvera. Poyamba ankaseka kalankhulidwe kathu, koma sabata isanathe ankavomera nawo.

Yanga inathera pakati pa tsamba. Aphunzitsi anati ndingopeka mathero, palibe angadziwe. Ndinakana. Si yanga nthanoyo, ndinangonyamula. Ndafunsa akuluakulu ambiri, a kuno ndi amene anabwerera kwathu nkhondo itatha. Ena amadziwa za njokayo. Chimene mkaziyo anayankha palibe akuchikumbuka.

Amayi tinawaika kuno ku Magodi. Khanda lija linakula, pano likulima fodya ku Chikomeni. Yohane, Esinati ndi Petulo alipo, ndipo kope lili kwa Esinati. Atsibweni sitinapeze ngakhale manda awo.

Ana anga ndimawakambira mpaka pamene njoka ikufunsa, n'kukhala chete. Amadikira, inenso ndimadikira nawo.