Msomali Umene Unaboola Lata ku Kanyama

Muzammil anabadwira m'komboni ya Kanyama, mwana wachitatu wa telala amene anachokera ku Mangochi kalekale. Bambo ake ankafuna kumusiyira makina osokera, koma iye mtima unali pa mawaya. Pofika zaka makumi awiri anali ataika kale tebulo pakhonde, akukonza mawailesi ndi ma TV akale aja a chimsana. Anthu ankachokera mpaka kukomboni ya George atasenza zinthu zakufa, iye n'kuziukitsa.

Ntchitoyo inamudyetsa nthawi yaitali. Anakwatira nayo Thuwaiba, naphunzitsa nayo mwana wawo Nusra mpaka kumaliza sekondale. Kenako kunabwera ma TV opyapyala, amene akawonongeka mwini wake amangotaya. Pakhonde panayamba kuzizira. Ma TV amene eni ake sanabwerenso kudzatenga anadzaza chipinda chakumbuyo mpaka kudenga.

Tsiku lina, atasowa chochita, anaona pafoni munthu wa kunja akuponya kachitsulo ndi mphamvu ya maginito yokha, popanda onga. Anabwereza kanemayo kasanu. Zipangizo zonse zimene munthuyo ankagwiritsa ntchito, iye anali nazo m'chipinda chake chija, zikungodya fumbi. M'mawa mwake anayamba kuphwasula ma TV, kusolola waya wa kopa ndi makapasita, timigolo tosunga mphamvu ya magetsi.

Anatha pafupifupi chaka akupanga chida chake choponya msomali. Ulendo woyamba msomali unangotuluka m'paipi n'kumugwera pachala cha kuphazi, ndipo anaseka yekha mpaka misozi. Patapita miyezi unawoloka chipinda. Kenako unaboola chitini. Thuwaiba anali asanamuonepo akudya mwachangu chotero kuti abwerere kuntchito, koma mtima wake sunakhazikike.

"Batate ba Nusra, ivi vinthu vanu vizatibweretsera mavuto," anatero tsiku lina, akuyang'ana chitini chobookacho.

"Si mfuti iyi, amai. Ni sayansi chabe. Nifuna kuona ngati mutu wanga ukali kugwira nchito."

Linali Loweruka la mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pamene anatulutsa chidacho panja. Anali atawonjezera makapasita ena anayi, ndipo m'nyumba munamuchepera. Anatsamiritsa thabwa pampanda wa malata umene unalekanitsa bwalo lake ndi la Silas, mnansi wake wa zaka khumi ndi zisanu. Ankadziwa kuti nthawi ngati imeneyo Silas amakhala ku ganyu, ndipo mkazi wake Felistus amakhala kumsika akugulitsa zitumbuwa. Sanasuzumire. Anakanikiza batani, chinthucho chinadumpha pang'ono patebulo, msomali n'kuphonya thabwa. Palata panaoneka kabowo kowala, ndipo kuseri kunamveka kulira kumene sanakuiwalenso.

Felistus sanapite kumsika tsikulo. Anali atakhala pampando waufupi akuchapa. Muzammil atalumpha mpanda anamupeza atagwada, manja kumaso, magazi akudontha m'beseni la thovu. Anamunyamula yekha mpaka pamsewu, naimitsa galimoto, napita naye kuchipatala. Madokotala anachotsa msomali, koma diso lakumanzere sanathe kulipulumutsa.

Pobwerera madzulo anapeza khamu pakhomo pake. Nkhani inali itasintha kale: ankati mkulu wa mawailesi amapanga mfuti za anyamata aupandu a kukomboni ya Chibolya. Ma TV anali ataphwanyidwa pabwalo, magalasi ali mbwee, Thuwaiba atabisala kwa mnzake wa kumzikiti. Mwala woyamba unamupeza paphewa. Apolisi akanachedwa pang'ono, sakanatuluka wamoyo.

Anakhala miyezi isanu ndi iwiri m'ndende akudikira mlandu. Anatuluka mano awiri palibe, chifuwa chikumusowetsa mtendere. Kukhoti Felistus anaima ndi nsalu yoyera padiso, nanena motsitsa mawu kuti munthuyo amamudziwa, sanachite dala. Woweruza anati nthawi imene wakhala kale yakwana, koma anamuchenjeza kwambiri.

Thuwaiba anali atasamukira ku Chawama, m'chipinda chimodzi cha mlongo wake wamwamuna, Nasser. Patatha sabata Muzammil anakwera minibasi kubwerera ku Kanyama, atanyamula shuga ndi botolo la mafuta ophikira. Anapeza Felistus atakhala pamthunzi, dzanja lamanja lili ndi zipsera za moto.

"Nabwera kupepesa, bana Mwango," anatero, atagwada pafumbi. Mwango anali mwana woyamba wa Felistus.

Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali ndi diso limodzi lija.

"Vitumbuwa ninaleka. Nikati niike mu poto, kwanja ingena mu mafuta. Siniona bwino pamene vinthu vili." Kenako anapitiriza: "Ninakukhululukirani kale, ba Muzammil, chifukwa nifuna kupemphera bwino. Koma musabwerenso kuno. Nikakuonani mutu uyamba kubaba."

Silas anamuperekeza mpaka pageti, namubwezera shuga ndi mafuta aja m'manja.

Chaka chotsatira mvula inamiza Kanyama, ndipo Silas anatenga mkazi wake kubwerera kumudzi ku Petauke. Muzammil anazimva kwa kondakitala wa minibasi. Nasser anamupezera malo pachigayo cha mnzake, ndipo ndi kumene ali mpaka lero, wazaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, tsitsi ndi nsidze zitayera ndi ufa. Amafika m'mawa kwambiri, kuthira chimanga, kumanga matumba. Amayi obwera kudzagayitsa amamudziwa ngati mkulu wosalankhula, wotsokomola. Madokotala anamuuza kuti fumbi la pachigayo likumumaliza chifuwa, asiye. Thuwaiba nayenso wamuchonderera kangapo. Iye amangoyankha kuti wamva, m'mawa n'kuvala jekete lake, ulendo wa kuchigayo.